Nkhokwe ya boma ndi mkangano wakale wa ku China

Sabata ino ndikutengerani ku China wakale. Aliyense wogulitsa mbewu pamsika amadziwa kuti mtengo uli ndi nyengo zake: pokolola umagwa, mu Januwale ndi Febuluwale umakwera mpaka munthu kubwerera ndi thumba lopanda kanthu. Anthu a ku China anayamba kulimbana ndi vuto limeneli zaka zoposa 2,400 zapitazo.

Cha m'ma 400 BC, m'dziko la Wei munali nduna yotchedwa Li Kui. Iye anaona kuti chakudya chikadula amavutika ndi ogula, chikatchipa kwambiri amalira ndi mlimi, ndipo mlimi akafooka dziko lonse limasauka. Choncho anakonza zoti boma lizigula mbewu chaka cha zokolola zambiri, n'kuzigulitsa chaka cha njala pamtengo wabwino. Zaka zabwino anazigawa m'magulu atatu, zoipanso atatu, kuti zidziwike kuti agule zochuluka bwanji ndi kutulutsa zochuluka bwanji. (Sichinali chimanga ayi, nthawi imeneyo kumeneko ankadalira mapira.)

Ganizo lokoma. Koma linabala mkangano woti boma lizichita malonda kapena ayi.

Mu 81 BC, mu ufumu wa Han, anaitanitsa msonkhano waukulu. Mbali ina kunali Sang Hongyang, mwana wa munthu wamalonda wa ku Luoyang, yemwe ankasunga chuma cha boma. Iye ankateteza zoti boma lokha ndilo lizigulitsa mchere, zitsulo ndi mowa, ati ndalama zake ndi zolipirira asilikali m'malire komanso zoletsa olemera kufinya osauka. Mbali inayo kunali ophunzira pafupifupi 60 otsatira Confucius, omwe ankati si bwino boma kulimbirana phindu ndi anthu ake.

Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti anthu ophunzirawa sanangolankhula za m'mabuku. Anadandaula kuti zida zolimira za boma zinali zosalimba ndi zodula, komanso kuti mlimi ankasiya munda n'kuyenda mtunda wautali, kukafika n'kupeza wogulitsayo palibe. Tangoganizani, dandaulo la 81 BC! Ukaliwerenga umachita ngati walimva dzulo m'minibasi. Pamapeto pake boma linasiya za mowa, koma mchere linaugwirabe, ndipo Sang Hongyang anaphedwa chaka chotsatira pa mlandu woukira.

Nkhokwe zenizeni zosungitsa mtengo anazikhazikitsa ndi Geng Shouchang mu 54 BC, m'madera a m'malire. Zinangokhala zaka 10, mu 44 BC n'kuzitseka, chifukwa chake chomwe chija choti boma lisapikisane ndi anthu. Mafumu a pambuyo pake ankazitsegulanso mobwerezabwereza.

Ganizoli linawoloka nyanja. Mu 1911 Chen Huanzhang, yemwe ankaphunzira pa Columbia University ku New York, anasindikiza buku la maganizo a Confucius ndi omutsatira pa zachuma. Henry Wallace analiwerenga, ndipo atakhala nduna ya zaulimi ku America anakankhira ganizo la nkhokwe yosungitsa mtengo mpaka linalowa m'lamulo la zaulimi la 1938.

Kwathu kuno ADMARC, yomwe inayamba mu 1971, komanso nkhokwe za dziko, zimayenda m'njira yomweyo ya Li Kui. Ambiri tikukumbukira njala ya 2002, yomwe inafika chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa. Ine monga wapamsika sindigwirizana ndi otsatira Confucius aja kuti boma lichokeretu. Ife mavenda sitingasunge chimanga cha dziko lonse, ndipo kunena zoona mtengo ukakwera ena mwa ife timasekerera. Koma sindili kumbali ya Sang Hongyang kwathunthu, chifukwa nkhokwe imathandiza pokhapokha ikagula pa nthawi yokolola, mlimi asanagulitse ndowa yake motaya, ndiponso ikatsegulidwa njala isanaluma.

Wina amene anaona bwino nkhaniyi ndi Liu Ban, m'nthawi ya mfumu Ming yomwe inalamulira kuyambira 57 mpaka 75 AD. Mfumu itafuna kutsegulanso nkhokwezi, nduna zambiri zinavomera, koma iye anakana. Sanatsutse ganizo la Li Kui. Anati dzina la nkhokwezo ndi labwino, koma oziyang'anira amapangana ndi mabanja olemera, ndipo munthu wamba sapeza mtengo wachilungamo uja.