MBIRI YA CIFUWA CACIKULU NDI MANKHWALA ACE

Amuna ambiri amene anagwirapo nchito pansi pa mgodi akumbukira mnzao wina amene anayamba kutsokomola, naonda, namacita thukuta usiku, kufikira tsiku limene analabvula magazi. Nthenda imeneyi ndiyo cifuwa cacikulu, cimene a m'tauni angocichula TB. Siri yatsopano iai, pakuti zizindikiro zace zipezeka ngakhale m'mafupa a mitembo imene anthu a ku Egypt anaumika zaka zikwi zapitazo. Koma mankhwala ace ngadzana, sanakwanitse ndi zaka 100 zomwe.

Kale Azungu anali kunena kuti nthendayi nja kumtundu, monganso akuluakulu a kuno, pakuona munthu wotsokomola ndi kuonda, anali kuganizira mdulo kapena ufiti. Pa 24 March, 1882, mu mzinda wa Berlin, dotolo wa ku Germany dzina lace Robert Koch anaonetsa anzace kacirombo keni keni pa galasi lokuza zinthu. Masiku amenewo munthu mmodzi mwa asanu ndi awiri ku Ulaya anali kufa naco cifuwaci. Kuyambira pamenepo kunadziwika kuti tizirombo ticoka m'mapapu a wodwala pamene atsokomola, tiyandama mu mpweya, ndipo wina atipuma.

Kudziwa mdani sikumupha. Zinapita zaka 60 popanda mankhwala. Olemera anali kuwatumiza ku zipatala za kumapiri kukagona ndi kumwa mkaka, ndipo ena madotolo anali kuwafwetsa papu limodzi kuti lipumule. Amphawi anangofera m'nyumba zao. M'zaka zomwezo migodi ya golide ya ku Johannesburg inali kukoka amuna a maiko onse ano, ambiri mwa dzanja la Wenela. Pfumbi la miyala linawalasa mapapu, m'komboni anagona mothithikana, ndipo amene anadwala anam'bwezera kwao, kumene anakapatsira mkazi ndi ana. Papu lolasidwa ndi pfumbi ndilo dimba la cifuwa cacikulu. Ndico cifukwa cace Silicosis Bureau ya ku Kitwe, poyesa amuna a m'migodi ya mkuwa, inali kufunafuna nthenda ziwirizi pamodzi.

M'caka ca 1943, ku America, wophunzira wina dzina lace Albert Schatz, pogwira nchito pansi pa Selman Waksman, anapeza mankhwala ochedwa streptomycin m'tizirombo tina tokhala m'dothi. Madotolo a ku Britain anawayesa mosamala pa odwala 107, ndipo anaulutsa zimene anapeza mu 1948. Mwa odwala 55 amene analandira jekeseni, anafa anai okha pa miyezi isanu ndi umodzi. Mwa 52 amene anangogonekedwa, anafa 14. Cimwemwe cinali cacikulu, koma sicinakhalitse. Pamene anayesanso makhololo a odwala 41 a jekeseni aja, anapeza kuti mwa 35 tizirombo sitinali kuwamvanso mankhwalawo.

Cinacitika nciani? M'papu la munthu wodwala kwambiri muli tizirombo miyandamiyanda, ndipo pakati pace sipalephera kupezeka towerengeka timene tinabadwa tosiyana pang'ono ndi tinzace, kotero kuti mankhwala akuti akuti satigwira. Mankhwala a mtundu umodzi apha unyinji wonse, wodwala nayamba kudya ndi kunenepa. Koma towerengeka tija titsala, tiswana, ndipo posacedwa papu lonse lidzala ndi ito tokhatokha. Kuli ngati munthu wolimira munda amene azula udzu wonse nasiya dawe. Koma kacirombo kokana mankhwala awa sikakhala kawirikawiri kokananso ena. Tsono pamene anatulukira PAS, ndi isoniazid mu 1952, John Crofton ndi anzace ku Edinburgh anapatsa odwala mitundu itatu nthawi imodzi, kwa miyezi 18 kapena kuposa, osadumpha. Pafupifupi onse anacira. Cala cimodzi siciswa nsabwe.

Zotsatira zinadza msanga. Ku Madras, m'dziko la India, anayamba kuyesa mu 1956 napeza kuti wodwala acira ali kunyumba monga momwe acirira m'cipatala, malinga amwe mankhwala. M'zaka za m'ma 1970, m'zipatala za ku East Africa, anatsimikiza kuti powonjezapo rifampicin ndi pyrazinamide nthawi itsika kufika miyezi isanu ndi umodzi. Odwala a mu Africa amene anabvomera kuyesedwa maina ao sachulidwa m'mabuku, koma mankhwala amene dziko lonse likumwa anayesedwa pa zifuwa zao.

Miyezi isanu ndi umodzi nayonso njambiri kwa munthu wofuna cakudya ca ana ace. Pakutha miyezi iwiri cifuwa cileka, mphamvu zibwera, ndipo mtima unena kuti wacira. Wina asiya mapiritsi, wina acoka pa nchito napita kumudzi kumene cipatala ciri kutali. Sikuyenera kutsutsa odwala okha, pakuti m'maiko ambiri mankhwala anali kutha m'zipatala, ndipo madotolo ena anali kulemba mosayenera. Njira zonsezi zibala cinthu cimodzi comwe cija ca mu 1948. M'zaka za m'ma 1980 kunafika HIV, imene ifooketsa citetezo ca thupi, ndipo cifuwa cacikulu cinabuka ngati moto wa lupsa m'Zambia ndi maiko oyandikana. Mu 1993 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti nthendayi yasanduka tsoka la dziko lonse lapansi.

Coopsa koposa cinaoneka ku Tugela Ferry, m'dziko la Azulu ku South Africa, ndipo cinaulutsidwa mu 2006. Odwala 53 anapezeka ndi tizirombo tokana pafupifupi mankhwala onse; anafa 52, theka la iwo asanathe masiku 16 cicokere kupereka makhololo. Ambiri a iwo sanalekezepo mankhwala ali onse: anangopuma tizirombo timene tinaumitsidwa m'cifuwa ca munthu wina. Nthawi imeneyo wodwala cifuwa cokana mankhwala anali kumwa mapiritsi kufikira zaka ziwiri, pamodzi ndi majekeseni amene anagonthetsa ambiri makutu. Mpumulo unadza ndi bedaquiline mu 2012 ndi pretomanid mu 2019, ndipo mu 2022 bungwe lija linabvomereza njira ya miyezi isanu ndi umodzi yopanda jekeseni.

Nanga katemera? Cipsera cimene ambiri ali naco pa mkono ndico ca BCG, katemera amene Albert Calmette ndi Camille Guérin a ku France anapanga ndi kacirombo ka cifuwa ca ng'ombe. Anakafooketsa zaka 13, akukaokera maulendo 230, ndipo khanda loyamba linalandira ku Paris mu 1921. Katemerayu achinjiriza ana ang'ono ku cifuwa colowa m'bongo ndi cofalikira thupi lonse. Koma pa mapapu a munthu wamkulu mphamvu yace njosadalirika, ndipo akulu ndiwo apatsira anzao. Katemera wina, wochedwa M72, anayesedwa pa akulu oposa 3,500 m'Zambia, Kenya ndi South Africa, ndipo mu 2019 kunamveka kuti anachinjiriza pafupifupi theka la iwo amene akadadwala. Kuyesa kwakukulu kwa katemerayo kunayamba mu 2024, ndipo Zambia ndi Malawi ali m'gulu la maiko amene anasankhidwa.