Bishopu amene analemba Baibulo ndi chala chimodzi

Mu Ogasiti 1881, dzuwa likuswa mtengo mumzinda wa Wuchang ku China, Bishopu Samuel Isaac Joseph Schereschewsky anadwala mwakayakaya. Atapezako bwino zinaoneka kuti miyendo yafa, manja alefuka, ngakhale mawu akutuluka movutikira. Apa n'kuti ali ndi zaka 50, atangokhala zaka zosakwana zinayi pa udindo wa bishopu wa Shanghai mumpingo wa Episcopal, womwe ndi nthambi ya Angilikani ya ku America.

Mkuluyu sanabadwire m'banja lachikhristu. Anali Myuda wa ku Tauragė m'dziko la Lithuania, wobadwa mu 1831, ndipo makolo ake anamwalira iye adakali mwana. Abale ankayembekezera kuti adzakhala rabi, choncho Chiheberi anachidziwa ngati chiyankhulo cha pakhomo. Ali pasukulu yophunzitsa urabi ku Zhitomir anapeza Chipangano Chatsopano cha m'Chiheberi n'kuyamba kuchiwerenga. Anasamukira ku America mu 1854, anabatizidwa chaka chotsatira, ndipo mu 1859 anakwera sitima ya pamadzi yopita ku Shanghai, Chitchaina akuchiphunzira momwemo m'njira.

Ku Beijing, komwe anakhala kuyambira 1862, ndi kumene luso lake linaonekera. Iye anamasulira Chipangano Chakale chonse kuchoka ku Chiheberi kupita ku Mandarin, chiyankhulo cha anthu wamba a kumpoto kwa China. Ubishopu sankaukhumba n'komwe: atamusankha koyamba mu 1875 anakana, anavomera ulendo wachiwiri, n'kudzozedwa mu 1877. Mu 1879 anakhazikitsa St John's College ku Shanghai, yomwe inakula n'kukhala yunivesite yotchuka mpaka pomwe inatsekedwa mu 1952.

Atadwala mu 1881 muja anapita naye ku Geneva kukafuna thandizo, koma ziwalo sizinabwerere. Mu 1883 anatula pansi udindo. Kunena zoona, ntchito yomwe amakumbukiridwa nayo kwambiri inayamba atachoka pampandowo.

Cholinga chake chinali kutulutsa Baibulo lathunthu m'Chitchaina cha m'mabuku koma chosavuta, chotchedwa Easy Wenli, chomwe anthu ophunzira a m'zigawo zonse akanatha kuwerenga ngakhale kuti pakamwa ankayankhula mosiyana. Vuto linali lakuti cholembera sankatha kuchigwira. Anapeza makina otayipira, koma makina a nthawi imeneyo analibe zilembo za Chitchaina. Ndiye anatani? Liwu lililonse ankalitayipa m'zilembo zathu zomwezi za a, b, c, potsata katchulidwe kake, ndipo ankadina ndi chala chimodzi chomwe chinali ndi mphamvu pang'ono. M'mawa ankachita kumunyamula kumukhazika pampando, iye n'kuyambapo: go, go, go, chilembo chimodzichimodzi, mpaka masamba pafupifupi 2,000 anakwana. Mkazi wake, Susan Mary Waring, mmishonale yemwe anamanga naye banja mu 1868, ndiye anali manja ndi miyendo yake pa zina zonse.

Masambawo pawokha sakanathandiza Mtchaina aliyense. Panafunika kuti mawu onse abwezedwe m'zilembo za Chitchaina, ndipo n'chifukwa chake mu 1895 nkhalamba yopuwalayo inakweranso sitima kubwerera ku Shanghai kukagwira ntchito ndi alembi achitchaina. Mu 1897 anasamukira ku Tokyo kuti aziyang'anira pafupi ntchito yosindikiza yomwe inkachitikira ku Japan. Anakonzanso Chipangano Chakale chake cha Mandarin, kenako Baibulo la Easy Wenli linatuluka mu 1902.

Sanapume. Anayamba kukonza mabaibulo okhala ndi malifalensi m'mphepete, ndipo imfa inamupeza ali pa ntchito imeneyo ku Tokyo pa 15 Okutobala 1906. Anaikidwa kumanda a Aoyama mumzinda womwewo.