Ma MG, masipeya ndi msewu wa ku Chawe

Mukaima pa siteji ya Chinamwali lero, pa msewu wopita ku Liwonde, mudzaona ma Sienta, maminibasi ndi akabaza basi. Koma Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo m'nthawi ya atsamunda ndi zaka zoyamba za ufulu magalimoto ambiri m'tauni muno anali ochokera ku Britain: Land Rover, Austin, Morris Minor. Pakati pa amenewa panali ena ochepa, a mipando iwiri, otsegula denga, onga MG ndi Triumph. Awa sanali onyamulira chimanga ayi. Anali okwerera Up Road kukamwa tiyi ku Chawe.

Malonda ake sanali ovuta. Mzungu kontirakiti ikatha, kawirikawiri galimoto ankaigulitsa konkuno, poti kuibweza kwawo pa sitima kudzera ku Beira kunali kuboola m'thumba. Inkachoka kwa bwana uyu kupita kwa bwana uyo, mtengo ukutsika, mpaka tsiku lina Mmalawi n'kuikwanitsa. Pofika pamenepo n'kuti itatopa kale.

Nanga galimoto yotopa, ili kutali chonchi ndi fakitale yake, inkayenda bwanji? Chinathandiza ndi kuumira kwa Angerezi eniake. Sankafuna kuwononga ndalama kupangira galimoto yamasewera zitsulo zakezake. MGB, imene inkapangidwa ku Abingdon kuyambira 1962 mpaka 1980, injini yake ya 1798cc inali ya banja limodzi ndi ya Morris Marina 1.8. Ma MG Midget oyambirira injini yawo inali pachibale ndi ya Morris Minor. Triumph Spitfire anaimanga pa zitsulo za Triumph Herald, galimoto wamba yotengera ana kusukulu. Ndiye makaniko wochenjera sankachita kulemba kalata ku London. Ankangofunsa komwe kwagona Morris yakufa, n'kupita kukaphwasula.

Sikuti inali ntchito yosangalatsa. Magetsi a Lucas Angerezi amawaseka mpaka lero. Makabureta a SU amakhala awiri, ndipo uyenera kuwatchuna ndi khutu mpaka apume mofanana. Ndiye pali mabauti: onse ndi a mainchesi. Sipanala ya 13 imene imamasula galimoto za masiku ano, pa nati ya theka la inchi imakhwepa pang'ono, ukakakamiza umadya makona. Ine ndimaona kuti amakaniko amenewo mbiri yathu inawamana ulemu. Timaloweza mayina a mabwanamkubwa, koma amene ankagona kunsi kwa galimoto palibe anawalemba.

Mu 1980 kampani ya British Leyland inatseka fakitale ya Abingdon, ndipo apa njira zinasiyana. Ku Britain magalimotowa anasanduka chuma. Mu 1988 British Motor Heritage inayambanso kupanga mabodi atsopano a MGB, ndipo lero makampani onga Rimmer Bros ndi Moss amagulitsa pa intaneti pafupifupi sipeya iliyonse. Kuno, magalimoto a ku Japan atadzaza, akale aja anapita kwina: ekiselo inakakoka ngolo, limu inakakhala belu la pasukulu, masipuling'i osula anasula nkhwangwa ndi zikwanje. Sindikuseka, eti, belulo likulirabe.

Wofuna kudzutsa MG ku Malawi lero ayambe wapeza mapaundi, ndipo tonse tikudziwa momwe forex ikuvutira. Akaganiza zoitanitsa yathunthu, a MRA msonkho wawo umakwera galimoto ikakhala yakale. Choncho kwa ambiri a ife malondawa ndi ogulitsa, osati ogula. Ngati kuseri kwa nyumba ya agogo kuli chigalimoto chomera udzu, musafulumire kuitana anyamata ogula zitsulo pa kilo. Yambani mwapeza kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi, mufunse ngati blue book ilipo, mujambule makabureta ndi mawotchi a pa dashibodi. Osonkhanitsa magalimotowa ku South Africa ndi ku Britain amafuna masipeya enieni akale, ndipo sagula poyeza pa sikelo.