Za Aphungu ndi Lamulo Lalikuru

Abale athu a ku Sharpevale, tikumbukire za caka ca 2002. Lamulo lalikuru la dziko, lolembedwa mu 1994, linati mtsogoleri alamulire zaka zisanu kawiri kokha. Koma ena anafuna kulisintha, kuti Bakili Muluzi aimenso. Pa 4 July aphungu anasonkhana, ndipo Sipikala wao anali Sam Mpasu wa kuno ku Ntcheu. Kuti lamulo lisinthike, panafunika aphungu 128; obvomera anali 125, okana 59. Anaperewera atatu okha, ndipo lamulo linakhala monga linali. Cifukwa cace, posankha phungu tisapenye nsaru kapena mcere umene watipatsa, koma tifunse: tsiku lotere likadzafikanso, adzaima mbali iti? Pakuti mau ace kumeneko ndiwo athu.