Njira Imene Ena Anatikumbira

Kum'mwera kwa dziko la New Zealand kuli malo otchedwa Milford Sound, kumene nyanja yamchere inalowa pakati pa mapiri aatali. Lero alendo amakwera maboti kukaona mathithi a Bowen ndi Stirling, nyama za m'madzi, ndiponso phiri la Mitre Peak, lotchedwa choncho chifukwa nsonga yake imaoneka ngati chisoti cha bishopu.

Kale malowa anali ovuta kufikako. Amaori, eni dziko, amawatcha Piopiotahi, ndipo ankapitako kukafuna mwala wobiriwira wamtengo wapatali. M'chaka cha 1770 James Cook anadutsa ndi chombo chake osaona polowera, pakuti m'pobisika.

Kumtunda nako phiri linatseka njira. Mu 1935, ntchito zitasowa m'dzikomo, amuna asanu anayamba kuboola phirilo ndi mapiki ndi mawilibala, akugona m'matenti m'chisanu choopsa. Chipale chogumuka kuphiri chinapha antchito atatu mu 1936 ndi 1937. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inaimitsa ntchitoyo, kotero kuti njira ya Homer inatsegulidwa patapita zaka pafupifupi 20.

Mlendo wa lero amadutsamo mphindi zochepa chabe, osawadziwa amene anaferapo. Ifenso timapemphera m'tchalitchi chimene njerwa zake anaumba ndi makolo athu, ena osachiona chitafoleredwa. Madzulo ano werengani Yohane 4:38, muthokoze Mulungu chifukwa cha iwo. Nanga ife, adzukulu athu tikuwakumbira njira yotani?