Mboni Zokhala pa Miyala ya Mumtsinje

Aliyense amene anawolokapo mtsinje wapansi amadziwa mmene miyala ya m'madzi imatererera. Zofiirira zoterera zija si matope okha. Zambiri mwa izo ndi ndere zing'onozing'ono zotchedwa diatom, zosaoneka popanda maikulosikopu. Kalikonse kamakhala m'kachigoba ka silika, chinthu chomwe chija chopezeka mumchenga ndi m'galasi. Kanthuko kakafa chigoba sichiwola msanga, ndipo mtundu uliwonse uli ndi zojambula zakezake pachigobapo. Kwa zaka zoposa 100, akatswiri akhala akufunsa ndere zimenezi za umoyo wa mitsinje.

Ntchitoyi inayamba chifukwa cha zonyansa za m'mizinda. Mu 1908 ndi 1909, Richard Kolkwitz ndi Maximilian Marsson a ku Germany anasindikiza mndandanda wa zomera ndi tizilombo ta m'madzi, atazigawa malinga ndi uve umene zimatha kupirira. Iwo anaona kuti kumunsi kwa malo otayira zonyansa mtsinje umadziyeretsa pang'onopang'ono, ndipo chigawo chilichonse chimakhala ndi zamoyo zake. M'zaka zomwezo, kuyambira 1903, Otto Müller ankasanthula ku Berlin ndere zotungidwa ku Nyanja ya Malawi ndi madera ozungulira. Mtundu wina umene anautcha dzina ukudziwika lero kuti Aulacoseira nyassensis. Müller sankafufuza za kuipa kwa madzi, ankangopereka maina, koma popanda mainawo obwera pambuyo akanasowa poyambira.

Amene anasandutsa nzeruzi kukhala ntchito yeniyeni anali mayi wa ku America, Ruth Patrick. Anabadwa mu 1907 ku Kansas, ndipo bambo ake anamupatsa maikulosikopu ali ndi zaka 7. Atafika ku Academy of Natural Sciences mumzinda wa Philadelphia m'ma 1930, anagwira ntchito zaka zingapo osalandira malipiro, ngakhale anali ndi digiri ya udokotala. N'zomvetsa chisoni kuti akazi ophunzira a nthawi imeneyo ankalandiridwa motero.

Mu 1948 anatsogolera gulu la akatswiri a nsomba, tizilombo, mabakiteriya ndi mankhwala kukayendera Conestoga, mtsinje wodutsa m'minda, m'matauni ndi m'mafakitale a m'boma la Lancaster ku Pennsylvania. Zimene anapeza zinali zosavuta kumva koma zamphamvu. Pamene madzi anali abwino pankapezeka mitundu yambirimbiri ya zamoyo, popanda umodzi wochulukitsa kuposa inzake. Pamene madzi anali oipa mitundu yambiri inali itatha, n'kutsala yolimba yowerengeka itadzaza paliponse. Kenaka anapanga kachipangizo koyandama kotchedwa diatometer, konyamula timagalasi tomwe ndere zimameraponso ngati pamwala. Amakasiya mumtsinje kwa milungu ingapo, n'kukatenga timagalasito kukawerenga. Patrick anamwalira mu 2013 ali ndi zaka 105.

Chifukwa chiyani osangotunga madzi m'botolo n'kukawayeza ku labotale? Botolo limangonena za mphindi imene watungira. Fakitale ikataya zoipa usiku, kukacha madziwo apita kale. Koma ndere sizithawa. Zinali pamwalapo usikuwo, ndipo zofooka zinafa. Apa ndiye pagona mphamvu ya njirayi.

Kummwera kwa Africa, ntchitoyi inakhazikika kudzera mwa B.J. Cholnoky, katswiri wa ku Hungary amene anasamukira ku South Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Iye anasanthula mitsinje yambiri ya kumeneko, ndipo buku lake lalikulu la 1968 linasonyeza mmene asidi, mchere ndi nayitulojeni zimasankhira mitundu yokhala pamalo. Omutsatira monga Archibald ndi Schoeman anapitiriza ntchitoyi pa mitsinje ngati Vaal ndi Jukskei, wodutsa mu Johannesburg.

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1900, funso linali litasintha. Vuto silinalinso paipi imodzi yoti munthu n'kuiloza ndi chala, koma dziko lonse lozungulira mtsinje: feteleza wokokoloka m'minda, nkhalango zodulidwa, ziweto zoponda m'mphepete. Ku Britain, Martyn Kelly ndi Brian Whitton anakonza mu 1995 njira yowerengera ndere pofuna kudziwa kuchuluka kwa chonde cholowa m'madzi, makamaka fosifolasi. Lamulo la madzi la European Union la mu 2000 linaika zomera za pamiyala m'gulu la zinthu zoyenera kuyezedwa.

Ndere zimasiyanitsa ngakhale mtundu wa vuto. Achnanthidium minutissimum imakonda madzi oyera okhala ndi mpweya wokwanira. Nitzschia palea ndi Gomphonema parvulum zimachuluka pamene pali zonyansa. Eunotia imapezeka kwambiri m'madzi a asidi. Ndipo dothi lokokoloka likakwirira miyala, imene imapambana ndi mitundu yotha kukwawa n'kutulukira pamwamba pa matope, pomwe yomata pamwala imafera pansi.

Zigoba zosawola zija zimasunganso mbiri. Ofufuza amene akumba matope a pansi pa Nyanja ya Malawi apeza kuti mitundu ya diatom ya kummwera kwa nyanjayi yasintha m'zaka za posachedwa, mogwirizana ndi kuchuluka kwa dothi ndi chonde zochokera kumtunda kumene nkhalango zasanduka minda. Mtsinje wa Linthipe ndi umodzi mwa imene imatchulidwa kawirikawiri pa nkhani ya kukokoloka kwa nthaka.

Kutola ndere sikulira ndalama zambiri: munthu amasankha miyala pafupifupi 5, kuikwecha ndi mswachi, n'kuthira zotulukazo m'kabotolo. Ku labotale amatsuka zigobazo ndi mankhwala, n'kuwerenga pafupifupi 400 pa maikulosikopu. Chovuta ndi kupeza munthu wodziwa kusiyanitsa mitunduyo, chifukwa luso limeneli limatenga zaka. Masukulu a ukachenjede ndi nthambi zoyang'anira madzi kuno kwathu ziyenera kuphunzitsa achinyamata ntchito imeneyi, kuti mitsinje ngati Mudi, Lilongwe ndi Kafue iziyezedwa chaka ndi chaka ndi anthu amene amamwa madzi ake.