Nyumba Zakale ndi Manja Amene Anazimanga

M'dera la Mandala, mumzinda wa Blantyre, muli nyumba yosanja ya khonde lalitali imene inamangidwa m'chaka cha 1882. Imawerengedwa kuti ndiyo yakale kuposa nyumba zonse zimene zikadali chiimire m'dziko muno. Eni ake anali a kampani ya African Lakes, imene ankaiyendetsa anthu awiri apachibale ochokera ku Scotland, John ndi Frederick Moir. Dzina loti Mandala analipereka ndi makolo athu poona magalasi amene John Moir ankavala, ndipo linachoka pa munthuyo n'kukakhazikika pa nyumba, pa kampani, mpaka pa dera lonse.

M'chipinda chapamwamba cha nyumbayi ndimo muli nkhokwe ya mabuku ya bungwe la Society of Malawi. Bungweli linayamba mu 1946 ndi dzina loti Nyasaland Society, ndipo mu 1948 linayamba kusindikiza magazini yake imene ikutulukabe. Kwa zaka zonsezi mamembala ake akhala akufufuza ndi kulemba za malinga a asilikali, maboma akale ndi nyumba za mamishoni, komanso kusonkhanitsa zithunzi ndi mapu. Ntchitoyi ndi yakachetechete, koma kufunika kwake kumaoneka tikayerekeza matchalitchi awiri a kuno kumwera.

Loyamba ndi la St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, limene linamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo amisiri ake anali anthu a m'midzi yozungulira. Njerwa zinaumbidwa ndi kuotchedwa konko, m'zikombole zamitundumitundu. Aliyense wofuna kudziwa luso la anthu amenewo angathe kupita lero kukakhudza makomawo.

Lachiwiri ndi la Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, limene mbusa John Chilembwe ndi anthu ake anatsiriza kumanga mu 1913. Linali la njerwa, lalikulu, lomangidwa ndi mpingo wotsogoleredwa ndi munthu wakuda. Silinathe zaka zitatu. Kuukira kwa pa 23 Januwale 1915 kutalephereka, asilikali a boma la atsamunda analiphwasula ndi mabomba. Maonekedwe ake timawadziwa lero chifukwa cha zithunzi zimene zinasungidwa. Pakanapanda zithunzizo, mwana wa sukulu akanangomva kuti panali tchalitchi, osaona umboni wa zimene agogo ake anakwanitsa.

Komabe zolembedwa zakale zili ndi mpata woonekeratu. Zimatchula mayina a oyang'anira ntchito, pamene oumba njerwa, ocheka matabwa ndi amayi otunga madzi amangotchulidwa monga gulu. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la St Michael silinasenzedwe ndi Scott yekha. Nyumba zimene ena amati ndi za atsamunda zilinso zathu, pakuti thukuta limene linalowa m'makomawo ndi la makolo athu.

Mpata wina ndi wa zomanga zathu zachikhalidwe. Nyumba yozungulira ya mitengo ndi dothi, nkhokwe yoluka ndi nsungwi, khola ndi kachisi sizipirira chiswe ndi mvula monga njerwa zootcha. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, wafika lero chifukwa amamangidwanso akakalamba, motsata mwambo wake. Apa chimene chimasungidwa ndi luso lokhala m'mitu ya anthu. Mmisiri wotsiriza akamwalira osaphunzitsa wina, mamangidwewo amalowa naye m'manda.

Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza malo ndi zinthu zakale, koma lamulo lingateteze bwanji chinthu chimene palibe anachilemba? Tikamabalalika pamwambo uno, tiyeni titengerepo phunziro pa ntchito ya Society of Malawi. M'dera lililonse muli sukulu, sitolo, tchalitchi kapena mzikiti umene unamangidwa agogo athu ali ana. Tiujambule, tiyeze kutalika ndi kutambalala kwake, tilembe chaka chimene unamangidwa. Koposa zonse, tikhale pansi ndi achikulire amene akadali moyo, atiuze amene anaumba njerwa zake, ndipo mayinawo tiwalembe.